Akatitsitsira mtengo, ife timalipira chiyani?

Munthu wa ku Kawale, ku Biwi kapena kwa Chinsapo safuna kuphunzitsidwa kunenerera mtengo. Tidakulira momwemo. Mayi wogulitsa tomato pamsika wa Nsungwi ku Area 25 akakuzolowera, amakuikira banyira usanapemphe n'komwe. Mwini okala ku Mgona amakukongoza sopo ndi mchere mpaka mwezi uthe chifukwa khomo lako amalidziwa. Wogulitsa zipangizo za galimoto pa Biwi amachotserako makaniko amene amamugula tsiku ndi tsiku. Palibe angati zimenezi n'zolakwa, ndipo palibe phungu angaime m'Nyumba ya Malamulo kupempha kuti ziletsedwe.

Koma masiku ano kwabwera kuchotsera mtengo kwa mtundu wina. Mukagula katundu m'sitolo yaikulu, amati lembani dzina, nambala ya foni ndi kumene mumakhala kuseri kwa lisiti, muponye m'bokosi, mwina mungapate firiji kapena galimoto. Kwina amakupatsani fomu yoti mulandire kakhadi kogulira motsika mtengo, ndipo pafomupo pali mzere wa tsiku lobadwa ndi wa nambala ya chiphaso cha unzika. Pafoni napo pali timapulogalamu tolonjeza ngongole ya pompopompo kapena mphatso, bola mutilole tione manambala a anzanu ndi mauthenga anu. Funso langa sabata ino ndi lakuti, kodi malonda otere, opatsa munthu mtengo wotsika posinthana ndi mbiri yake, aletsedwe mwalamulo?

Ndiyankhiretu. Kuchotsera mtengo kasitomala wokhulupirika kusaletsedwe. Choyenera kuletsedwa ndi kukakamiza munthu kupereka chiphaso chake, kapena kuvomera kuti mbiri yake igulitsidwe kwina, kuti apeze mtengo umene aliyense amayenera kugulira. Ndifotokoza chifukwa chake.

Tiyambe ndi kusiyana kwa mayi wa tomato uja ndi kampani. Mayiyo amadziwa kuti mumakonda tomato wakupsa, kuti muli ndi ana atatu, ndiponso kuti likakwana tsiku la 20 m'thumba mwanu mumakhala mutauma. Zonsezi zili m'mutu mwake ndipo zimathera momwemo. Inunso mumamudziwa. Akakaulula za ngongole yanu pachitsime, mawa mukamupeza pabenchi yake n'kumufunsa. Mbiri imene yalowa m'kompyuta ya kampani ilibe benchi yoti mukaipezepo. Imakopedwa kambirimbiri osatha, imatumizidwa kunja kwa dziko m'kanthawi kochepa, ndipo imakhalapo ngakhale sitoloyo itatsekedwa kapena kugulidwa ndi eni ena. Amene akuiwerenga inu simumudziwa, koma iye akudziwa dzina lanu, foni yanu, zimene mumadya ndi tsiku limene mumalandira malipiro.

Wina angati, kodi kudziwa kuti ndagula shuga ndi mafuta ophikira kuli ndi phindu lanji? Lisiti limodzi lilibe phindu. Malisiti a chaka chathunthu ndiwo amalankhula. Amaonetsa mwezi umene mudasiya kugula nyama n'kuyamba soya, nthawi imene mudayamba kugula matewera, ndi mankhwala amene mumagula mwezi ndi mwezi. Mu 2012 nyuzipepala ya New York Times idalemba za sitolo ya Target ku America, kuti akatswiri ake ankatha kulosera kuti mayi ndi woyembekezera pongoona kusintha kwa katundu amene akugula. Taganizani nkhani yotere itafika kwa munthu wolakwika kuno kwathu, kumene pathupi sitilengeza msanga ndipo matenda ena timabisa ngakhale kwa abale.

Kumene malondawa adakhwima kukutiwonetsa kumene ife tikupita. Ku Britain, sitolo ya Tesco idayambitsa khadi yake ya Clubcard mu 1995, ndipo lero katundu wambiri m'masitolo ake ali ndi mitengo iwiri pashelefu, wa okhala ndi khadi ndi wa opanda khadi. Abale athu amene ali ku Joni akuzidziwa bwino zimenezi. Pick n Pay idayambitsa Smart Shopper mu 2011. Kampani ya Shoprite idayambitsa Xtra Savings m'masitolo ake a Checkers mu 2019 ndi a Shoprite mu 2020, ndipo olembetsa adapyola kale 25 miliyoni. Makampani ngati amenewa ali ndi nthambi zimene ntchito yake ndi kusanthula zimene makasitomala amagula n'kugulitsa malo otsatsira malonda kwa opanga katundu. Ndalama imene akuchotserani pa botolo la mafuta amaipezanso kwinako. Masitolo athu a ku Old Town ndi ku Gateway Mall amaonera kwa anzawo a kumwerako, choncho mitengo iwiri pashelefu isatidzidzimutse ikafala kuno.

Tsono ndisakondere mbali imodzi. Amene amati zisiyeni zili choncho ali ndi mfundo, ndipo mfundo yake ndi yolemera. Kuchotsera mtengoku nthawi zambiri kumakhala kwenikweni. Bungwe loona za mpikisano pamalonda ku Britain, la CMA, lidafufuza katundu pafupifupi 50,000 wogulitsidwa pamtengo wa khadi, ndipo mu November 2024 lidalengeza kuti pa katundu 100 aliyense, 92 ankapulumutsiradi wogula ndalama poyerekeza ndi mtengo wa masiku onse. Kuno kwathu kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Kuchokera apo aliyense akudziwa mmene mtengo wa shuga, sopo ndi mafuta wathamangira. Mayi wa ku Area 23 amene wapulumutsa K1,000 pogula ndi khadi wapeza ya ndiwo za tsiku limenelo. Munthu wokhuta sangamuuze kuti ataye K1,000 imeneyo pofuna kuteteza zinsinsi zake. Lamulo loletseratu makhadi onse lingalange mayi yemweyo, pamene olemera sangamve n'komwe kuwawa. N'chifukwa chake sindikugwirizana ndi oti zonse zingothetsedwa.

Komatu mfundo yomweyo ndi imene ikuulula vuto. Makampani amati munthu amavomera yekha, palibe amamugwira dzanja posayina. Kuvomera kumakhala ndi tanthauzo pamene kukana n'kotheka. Tiyerekeze kuti paketi ya shuga ili pa K4,000 kwa wopanda khadi ndi K3,300 kwa wa khadi. Bwana wa ku Area 10 akhoza kukana n'kulipira K700 yapamwambayo osaganizako kawiri. Mlonda wa ku Kanengo amene amagona ku Mgona sangakane. Apa ndiye kuti ufulu wosunga chinsinsi wasanduka katundu, wogula ndi amene ali nazo. Ndipo mitengo iwiri ikakhazikika, ndani angatiuze kuti mtengo weniweni ndi uti? N'zotheka kuti wa khadiwo ndiwo mtengo wake, ndipo winawo ndi chindapusa cha munthu wokana kulembetsa.

Zimene zidachitika ku Kenya zikuonetsa kumene njala imafikitsa munthu. Mu 2023 kampani ya Worldcoin inkajambula mboni za m'maso mwa anthu n'kumawapatsa ndalama za pa intaneti zokwana pafupifupi mashilingi 7,000 a ku Kenya. Anthu zikwizikwi adaima pamizere ku Nairobi. Boma lidaimitsa ntchitoyo mu August chaka chomwecho, ndipo mu May 2025 khoti lalikulu lidalamula kuti zimene zidajambulidwazo zifufutidwe. Khoti lidaona kuti kuvomera kogulidwa ndi ndalama sikungatchedwe kuvomera mwaufulu. Ife tisawaseke anzathuwo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuno komwe tamva kangapo za alimi opereka ziphaso zawo kwa mavenda kuti akagulire fetereza wa AIP posinthana ndi kangachepe. Tamvanso, nyengo ya zisankho ikayandikira, za anthu oyenda m'makwalala kulemba manambala a ziphaso polonjeza ngongole kapena ufa. Munthu wanjala ukamuonetsa nyambo amapereka chimene wapempha.

Nkhaniyi ikundidetsa nkhawa kwambiri kuno kwathu chifukwa cha mmene tidamangira zinthu zathu pa manambala awiri okha. Mu 2017 bungwe la NRB lidalembetsa anthu oposa 9 miliyoni m'kaundula wa unzika. Mu 2018 MACRA idalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Kuchokera pamenepo nambala ya chiphaso ndiyo kiyi ya ku banki, ya fetereza wotsika mtengo, ya kulembetsa kuvota ndi ya foni. Nambala ya foni nayo ndiyo chikwama. Ambiri a ife m'makomboni muno tilibe akaunti ku banki, ndalama ya lendi, ya fizi ndi ya banki m'khonde imagona mu Airtel Money kapena mu Mpamba. Munthu amene ali ndi dzina lanu lonse, tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso ndi ya foni ali ndi zambiri mwa zimene zimafunsidwa potsimikiza kuti inu ndinu inuyo. Zinthu zinayi zimenezi ndi zomwezo zimene timalemba pafomu ya kakhadi kapena kuseri kwa lisiti, n'kusiya m'bokosi limene sitidziwa kuti adzatsegula ndani mpikisano ukadzatha.

Ndani mwa ife sanalandireko uthenga woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, kapena foni yoti mwawina pampikisano, kapena yoti dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo koma mutumize kaye ya fomu? Ena mwa akathyali amenewa adapezeka kuti amaimba ali m'ndende ya Zomba. Ambiri amangoyesa manambala mwachisawawa. Koma woopsa ndi amene amakutchula dzina. Ineyo ndidaimbiridwapo ndi munthu wosamudziwa amene adanditchula mayina anga onse awiri ndi dera limene ndimakhala asananene chimene akufuna. Munthu akakutchula choncho, mtima umayamba wakhulupirira mutu usanaganize. Agogo a kwa Chinsapo amene adaponyadi lisiti m'bokosi mwezi watha, akaimbiridwa kuti mwawina, adzakayikira pati?

Ngakhale kampani ikhale yachilungamo chotani, kompyuta zake zikhoza kuthyoledwa. Mu June 2022 Shoprite idalengeza kuti mayina ndi manambala a ziphaso a ena mwa makasitomala ake otumiza ndalama ku Eswatini, Namibia ndi Zambia akuganiziridwa kuti adagwa m'manja olakwika. Kuno kwathu, kumayambiriro kwa 2024, ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa masabata angapo, ndipo mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko adalowereredwa ndi akuba a pa kompyuta. Ngati zidatheka kumeneko, kuli bwanji kakompyuta ka kuofesi ya sitolo, kapena katoni ya mafomu imene ili pakona m'nyumba yosungira katundu? Chinsinsi cha foni chikabedwa mumasintha. Nambala ya chiphaso ndi tsiku lobadwa ndi zanu mpaka kumanda.

Malamulo tili nawo, ndipo ambiri sadziwa. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga zinsinsi zake. Lamulo la Data Protection Act lidayamba kugwira ntchito pa 3 June 2024, ndipo lidapatsa MACRA udindo woyang'anira nkhanizi. Lamuloli limati wotolera mbiri ya anthu anene cholinga chake, asatole zopyola zimene cholingacho chikufuna, ndipo asazisunge mpaka kalekale popanda chifukwa. Limapatsa munthu ufulu wofunsa zimene kampani ikusunga zokhudza iye, wokonzetsa zolakwika, wopempha kuti zifufutidwe, ndi wobweza chilolezo chimene adapereka. Mbiri ya anthu ikabedwa, kampani iyenera kudziwitsa MACRA pasanathe maola 72. Amene akusunga mbiri ya anthu oposa 10,000 ayenera kulembetsa ku bungweli. Pambali pa apo pali bungwe la CFTC, limene ntchito yake ndi kuteteza ogula ku malonda achinyengo, kuphatikizapo mitengo yonamizira kuti yatsitsidwa.

Papepala zonsezi n'zabwino. Koma pitani pamsika wa Kawale mufunse anthu khumi ngati adamvapo za lamuloli. Fomu imene amasayina imakhala m'Chingerezi, m'tizilembo tating'ono, ndipo kumbuyo kwawo kuli mzere wa anthu ofulumira. Lamulo loti munthu avomere mwaufulu silithandiza ngati sitinagwirizane kuti kuvomera chifukwa choopa mtengo wokwera kukuwerengedwa ngati ufulu kapena ayi. Apa ndi pamene MACRA ndi aphungu athu ayenera kulankhula momveka, makhadiwa asanafike m'golosale iliyonse.

Ine ndikadakhala ndi mpando kumeneko, ndikadayamba ndi chiphaso. Kufunsa nambala ya chiphaso cha unzika, kapena kuchijambula, pofuna kungopatsa munthu mtengo wotsika kapena mwayi wa mpikisano, kukhale mlandu. Banki ili ndi chifukwa chofunira chiphaso, kampani ya foni nayo ili nacho, pakuti lamulo limawalamula kutero. Wogulitsa sopo alibe. Wowina galimoto adzaonetsa chiphaso tsiku lolandira, osati anthu zikwizikwi amene sadzawina kanthu.

Chachiwiri, zilolezo zilekanitsidwe. Kuvomera kuti sitolo iziwerenga zimene ndagula kuti indichotsere mtengo ndi nkhani ina. Kuvomera kuti ipereke dzina langa ndi foni yanga kwa kampani ya inshuwalansi, ya ngongole kapena ya juga ndi nkhani inanso. Munthu azitha kuvomera choyambacho n'kukana chachiwiricho popanda kulandidwa mtengo wotsika. Kumangirira ziwirizi pamodzi ndi kumene kuyenera kuletsedwa. Ngati cholinga n'kuthokoza kasitomala wokhulupirika, kakhadi kopanda dzina, kokhala ndi nambala yakeyake, kakhoza kugwira ntchitoyo. Ena amangodinda sitampa pakapepala, ukadzaza khumi ulandira chimodzi chaulere, ndipo palibe amafunsa kuti udabadwa liti.

Chachitatu, zakudya ndi zinthu zofunika tsiku ndi tsiku monga ufa, shuga, mchere, mafuta ophikira, sopo ndi mankhwala zisakhale ndi mitengo iwiri. Tidaona mu 2024 mmene anthu adaimira pamizere shuga atasowa. Tsiku lina katundu akadzasowanso, tisadzamve kuti ogula ndi okhawo ali ndi khadi. Pa mabisiketi ndi zakumwa achite mmene akufunira, koma pa chakudya cha ana munthu asasankhe pakati pa mimba ndi chinsinsi chake.

Chachinayi, pafomu iliyonse ndi pabokosi lililonse la mpikisano palembedwe m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'zilankhulo zina zathu, m'zilembo zooneka, kuti akutolera mbiriyi ndani, aigwiritsa ntchito yanji, apatsako ndani, ndipo adzaiwononga liti. Mpikisano ukatha, malisiti aja atenthedwe, ndipo pakhale wotsimikiza kuti atenthedwadi. Izi sizifuna ndalama zambiri. CFTC ndi MACRA akhoza kugwirana manja n'kuyendera masitolo monga amachitira oyeza masikelo, ndipo bungwe la ogula la CAMA likhoza kukhala maso athu.

Amalonda adzati malamulo otere adzapha makhadi ndipo ogula adzataya mwayi. Ngati kakhadi sikangakhalepo popanda kugulitsa mbiri ya anthu mwamseri, ndiye kuti chimene chinkagulitsidwa pamenepo ndi anthuwo, ndipo ndi bwino tidziwe. Ku South Africa lamulo la POPIA lidayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, ndipo makhadi sadafe, adachulukirabe. Wamalonda woona mtima sataya kanthu ponena poyera chimene akuchita.

Podikira a malamulo, ifenso tisagone. Mukapatsidwa fomu, funsani kuti nambala ya chiphaso akuifuniranji, ndipo ngati yankho silikumveka siyani mzerewo osalemba. Safunsa adadya phula. Musalole munthu ajambule chiphaso chanu pafoni yake chifukwa cha mphatso. Pulogalamu ya ngongole ikapempha kuona manambala a anzanu, dziwani kuti tsiku lochedwa kubweza akhoza kuimbira apongozi anu ndi abusa anu, monga zinkachitikira ku Kenya mpaka banki yaikulu ya kumeneko idaika malamulo mu 2022. Dziwaninso kuti manambala amenewo ndi a eni ake, inu mulibe chilolezo chowapereka. Uzani makolo kumudzi ndi agogo pakhomo kuti wowina mphatso salipira kalikonse kuti ailandire, ndipo nambala yachinsinsi ya pafoni sauza munthu, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera kukampani.

Wina akakana kukuuzani zimene akusunga zokhudza inu, kapena akapitiriza kukutumizirani mauthenga a malonda mutamuletsa, lembani dandaulo ku MACRA ndipo musunge kope lake. Lamulo limene palibe akuligwiritsa ntchito limachita dzimbiri, ndipo mabungwewa amadzuka madandaulo akachuluka patebulo. Inu amene mudakumanapo ndi zotere ku Mchesi, ku Area 36, ku Mtandire kapena kwina kulikonse, lemberani tsamba lino timve, bola musalembemo nambala ya chiphaso chanu.